Mwana akalira m'mimba, muyezeninso mtima

Pakati pa mwezi wa Epulo 2020, pamene mayiko ankaika maliro a okalamba tsiku ndi tsiku ndipo makolo ankadzilimbitsa mtima kuti Covid-19 sasautsa ana, madokotala a chipatala cha ana cha Evelina mumzinda wa London analandira ana 8 m'masiku 10 okha, onse ali kayakaya. Wamng'ono anali wa zaka 4, wamkulu wa zaka 14. Chifuwa sichinali vuto lawo lalikulu. Anabwera atatentha thupi masiku angapo osatsika, ambiri akutsegula m'mimba, ena akusanza, ena akubuula ndi ululu wa m'mimba, maso ali psuu, khungu litatuluka zidzolo. Kenako BP inkagwa, magazi n'kumalephera kufika bwino m'ziwalo. Mnyamata wa zaka 14 anamwalira. Mwa ana 8 amenewa, 6 anali akuda, a m'mabanja amene makolo awo amachokera ku Africa ndi ku Caribbean.

Tsidya lina la mtsinje wa Thames, pa chipatala cha Great Ormond Street, madokotala a opaleshoni ankakumananso ndi zachilendo. Kunabwera ana ena 8 otentha thupi, m'mimba mukuwawa kwambiri, moti aliyense wodziwa ntchito akanaganiza za apendikisi n'kuyamba kukonza chipinda cha opaleshoni. Atawajambula ndi sikani anapeza kuti chotupa kwenikweni n'chakumapeto kwa matumbo aang'ono, pamene amalumikizana ndi matumbo aakulu, pamodzi ndi anabere a m'mimba ozungulira malowo. Mpeni sukanathandiza chilichonse.

Kumapeto kwa Epulo womwewo akuluakulu a zaumoyo ku Britain anachenjeza madokotala onse za ana otere, ndipo m'chenjezolo anatchulamo kupweteka kwa m'mimba ngati chizindikiro chimene chinkaoneka kawirikawiri. Ku Bergamo, m'dziko la Italy, kumene mliri unalusa koyambirira, madokotala anawerenga ana 10 m'miyezi iwiri amene ankaoneka ngati ali ndi nthenda ya Kawasaki, pamene m'zaka 5 zam'mbuyo zonse pamodzi anaonapo ana 19 okha. Nthenda ya Kawasaki inali yodziwika kale. Dokotala wa ku Japan, Tomisaku Kawasaki, anaifotokoza mu 1967, ndipo imatupitsa mitsempha ya magazi, makamaka mwa ana osakwana zaka 5. Koma odwala atsopanowa anali okulirapo, ambiri a msinkhu wa kupulayimale, m'mimba munkawavuta kwambiri, ndipo mtima unkafooka msanga. Pa 14 Meyi 2020 bungwe la CDC ku America linapatsa nthendayi dzina loti MIS-C, ndipo mawa lake bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yoizindikirira: mwana kapena wachinyamata wosapitirira zaka 19, wotentha thupi masiku 3 kapena kuposerapo, magazi ake akusonyeza kutupa kwakukulu m'thupi, ziwalo zingapo zakhudzidwa, palibe kachirombo kena kofotokoza vutolo, ndipo pali umboni woti anakumanapo ndi Covid-19.

Chimene chimachitika n'chakuti mwana amagwidwa ndi kachirombo, nthawi zambiri osadwala n'komwe kapena kungomva kachimfine kamene mayi sangakakumbukire. Pamapita masabata 2 mpaka 6 akusewera bwinobwino. Kenako chitetezo cha m'thupi, chimene chinayenera kupuma nkhondo itatha, chimadzuka mwaukali n'kuyamba kuwononga thupi lomwelo, ngati moto wa osaka mbewa umene umapitiriza kutentha tchire ndi minda mbewa zitathawa kale. Ikafika nthawi imeneyi, kuyeza m'mphuno kumatha kusonyeza kuti kachirombo palibe. Chimatsalira ndi asilikali a m'magazi osonyeza kuti kanadutsapo.

Anthu ambiri amakumbukira MIS-C ngati nthenda ya mtima, ndipo n'zoona kuti mtima ndiwo umapha. Komabe mwana sabwera kuchipatala akudandaula mtima. Amabwera atagwira pamimba. Kafukufuku wa ana 186 a m'zigawo 26 za America, amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2020, anapeza kuti ana 92 pa 100 alionse anali ndi vuto la m'mimba, kuposa amene mtima ndi mitsempha zinakhudzidwa, omwe anali 80 pa 100. Ana 8 pa 10 alionse anafika m'chipinda cha odwala mwakayakaya, pafupifupi theka anafunika mankhwala okweza BP, ndipo 4 anamwalira. Ambiri anali ana athanzi, opanda nthenda ina iliyonse m'mbuyomo. Ku England, mwa ana 58 amene anafotokozedwa m'magazini ya JAMA, oposa theka ankamva kuwawa m'mimba, oposa theka ankatsegula m'mimba, ndipo pafupifupi theka ankasanza.

Chiwerengero chimene chiyenera kusowetsa tulo aliyense wogwira ntchito m'chipatala chinachokera ku New York. Madokotala a yunivesite ya Columbia anaunika ana 44 amene anagonekedwa ndi MIS-C. Mwa iwo, 84 pa 100 anafika ndi zizindikiro za m'mimba. Pafupifupi ana 3 pa 10 alionse anali ataonedwa kale ndi achipatala m'sabata yomweyo, ali ndi kutentha thupi ndi vuto la m'mimba looneka lopepuka, n'kubwerera kunyumba. Amene anawabweza sanali osasamala, ndipo sankagwira ntchito mosowa zipangizo. Tsiku loyamba ndi lachiwiri nthendayi imafanana ndendende ndi kutsegula m'mimba kwa masiku onse kumene kumatha kokha. Kusiyana kumaoneka pa tsiku lachitatu, lachinayi, lachisanu, kutentha thupi kukakana kutsika, mwana n'kumafookerafookera m'malo mopeza bwino. Ngati zinkachitika chonchi ku New York, n'zosavuta kuona mmene zingachitikire pa chipatala chaching'ono chimene munthu mmodzi amaona mzere wa ana wofika panja dzuwa lisanafike pamutu.

N'chifukwa chiyani matumbo? Kachirombo ka Covid-19 kamalowa m'maselo a thupi pogwira kachinthu kotchedwa ACE2, ndipo kameneka kamapezeka kochuluka m'kati mwa matumbo aang'ono. Kuyambira miyezi yoyambirira ya mliri zinadziwika kuti zizindikiro za kachiromboka zimapitiriza kupezeka m'chimbudzi cha ana kwa masabata m'mphuno mutayera kale. Mu 2021 gulu la ofufuza a chipatala cha Massachusetts General ku Boston, lotsogoleredwa ndi Lael Yonker ndi Alessio Fasano, linafotokoza kuti mwa ana ambiri a MIS-C amene linawayeza, zotsalira za kachirombo zinali zidakali m'matumbo, khoma la matumbo linali litayamba kuchucha, ndipo tizidutswa ta kachiromboka tinkapezeka m'magazi. Maganizo awo anali oti tizidutswa timeneti ndi timene timaputa chitetezo cha m'thupi. Ana amene anayezedwa anali ochepa, ndipo magulu ena a ofufuza amaloza njira zina. Chimene onse amagwirizana ndi chimene sikani imaonetsa: khoma la matumbo lokhuthala, anabere otupa m'mimba, madzi ochepa osonkhana m'kati mwa mimba, ndipo mwa ana ena magazi osonyeza kuti chiwindi chavutika.

Kwa dokotala wa opaleshoni nkhaniyi ndi yothetsa nzeru. Akamung'amba mwana wa MIS-C, amamugoneka ndi mankhwala amene amatsitsa BP pamene mtima wake ndi wofooka kale, amakapeza apendikisi yabwinobwino, ndipo mankhwala oyenera amachedwa. Akazengereza pa mwana amene alidi ndi apendikisi, kathumbako kamaphulika, mafinya n'kudzaza m'mimba. Ku Cape Town, madokotala a zipatala za Red Cross War Memorial ndi Tygerberg anafotokoza za ana 23 amene anawaona pakati pa Juni ndi Julayi 2020, ndipo limeneli linali limodzi mwa malipoti oyambirira ochokera mu Africa. Ambiri anali ana akuda, kupweteka m'mimba kunali kofala, ndipo ena anafika pochitidwa opaleshoni poganiziridwa apendikisi. Ku Tygerberg komweko kunapezekanso ana ochepa amene anali ndi zonse ziwiri, apendikisi yeniyeni pamodzi ndi MIS-C. Choncho amene angatenge phunziroli ngati lamulo loti mwana wotentha thupi asamachitidwe opaleshoni walimva molakwika. Zimene madokotala a ku London ndi ku Cape Town anaphunzira n'zakuti wa opaleshoni ndi dokotala wa ana aziyang'ana mwanayo limodzi, amuone maso, milomo, zikhatho ndi khungu, amuyeze BP, ndipo ngati n'kotheka ajambule mtima asanamugoneke.

Kuno ku Malawi vutoli lili ndi mbali ina imene ku London kulibe. Malo amene MIS-C imakonda kutupitsa, chakumunsi kwa mimba kudzanja lamanja, ndi malo omwewo amene tayifodi imakhala. Tizirombo ta tayifodi timakhazikika kumapeto kwa matumbo aang'ono, n'kupanga zilonda zimene zimatha kuboola matumbo nthenda ikatenga masabata. Mumzinda wa Blantyre tayifodi inabuka mwamphamvu kuyambira 2011, itabwera ndi mtundu wosamva mankhwala akale, ndipo pa chipatala cha Gulupu odwala opezeka nayo m'magazi anachoka pa ochepa chabe pachaka n'kufika mazanamazana pofika 2014. Ana obooka matumbo nawo anachuluka. N'chifukwa chake katemera watsopano wa tayifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018, ndipo mu Meyi 2023 anaperekedwa m'dziko lonse. TB ya m'mimba imakondanso ngodya yomweyo. Malungo nawo amasanzitsa, amapweteketsa m'mimba, amatsegula m'mimba. Ndipo m'zaka za 2022 ndi 2023, pamene kolera inapha anthu oposa 1,700, mwana aliyense wotsegula m'mimba ankaganiziridwa kolera poyamba, ndipo zinali zoyenera kutero.

Palibe chifukwa chosinthira dongosolo limeneli. Mwana wotentha thupi ndi kupweteka m'mimba ku Chikwawa kapena ku Nkhotakota ayenera kuyezedwa malungo choyamba, kuganiziridwa tayifodi, kuganiziridwa apendikisi, ndipo ngati wafooka kwambiri ayenera kulandira mankhwala opha mabakiteriya mosachedwa. Ngakhale ndondomeko ya WHO imafuna kuti zoyambitsa zina zichotsedwe kaye munthu asananene kuti ndi MIS-C. Nkhawa ili pa mwana amene watsala zonsezi zitachitika: malungo sanapezeke, kapena anapezeka koma wamaliza LA thupi likadali moto, walandira jakisoni masiku awiri osasintha, maso afiira opanda manthongo, milomo yang'ambika, manja ndi mapazi zatupa. Mwana wotereyu nthawi zambiri amangosinthiridwa mankhwala, kuchoka pa awa kupita pa amphamvu kuposa, chifukwa maphunziro ndi zochitika za tsiku ndi tsiku zinazoloweretsa achipatala kusaka kachirombo. Kuganiza kuti mdani ndi chitetezo cha mwanayo kumafuna kuti munthu akhale atauzidwapo kuti zoterezi zimachitika.

Ndipo kachirombo ka Covid-19 kanadutsadi muno. Odwala oyamba a Covid-19 ku Malawi analengezedwa pa 2 Epulo 2020, ndipo ziwerengero za boma za opezeka nako zinakhala zochepa poyerekeza ndi za ku Ulaya. Koma ofufuza atayeza magazi osungidwa a anthu opereka magazi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, anapeza kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka anali atakumana nako kale. Ana amakhala m'nyumba zomwezo, amadyera m'mbale zomwezo.

Pali ngozi ina imene imabisala m'chithandizo chabwino. Mwana wotsegula m'mimba amene wafooka, manja akuzizira, mtima ukugunda mothamanga, amaikidwa diripi yothamanga, ndipo kwa mwana amene wathadi madzi m'thupi chimenechi n'chimene chimapulumutsa moyo. Koma mwana wa MIS-C amatha kufooka chifukwa mnofu wa mtima watupa ndipo ukulephera kupopa. Madzi ambiri olowa nthawi imodzi amaulemetsa, n'kusefukira m'mapapo. N'chifukwa chake malangizo a nthendayi amati madzi aziperekedwa pang'onopang'ono, mwana n'kumaonedwanso pakatha gawo lililonse. Kusiyanitsa ana awiriwa sikufuna makina odula. Amene watha madzi amakhala ndi maso olowa ndi khungu losabwerera msanga likatsinidwa, ndipo amatsitsimuka madzi akalowa. Amene mtima wafooka amayamba kupuma movutikira diripi ikamapita, chiwindi chimakula n'kumamveka pansi pa nthiti, nkhope imatupa. Namwino amene amabwerera pabedi pakatha mphindi zochepa n'kumvetsera pachifuwa amatha kuona kusinthaku. Amene ali yekha usiku m'chipinda chodzaza ana sangathe, ndipo mlandu wake suli pa iye.

Nkhani ya mankhwala ili ndi mbali yolimbikitsa mayiko osauka. Poyamba madokotala anabwereka chithandizo cha nthenda ya Kawasaki, mankhwala otchedwa IVIG, amene amapangidwa kuchokera m'magazi a anthu masauzande ambiri. Mlingo wake ndi magalamu 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye kuti mwana wolemera makilogalamu 25 amafunika magalamu 50 nthawi imodzi. Ndi odula kwambiri ndipo amasowa ngakhale m'mayiko olemera. Mankhwala ena ndi a gulu la masiteroidi, monga methylprednisolone ndi prednisolone, amene amaziziritsa chitetezo cha m'thupi ndipo ndi otchipa. Funso linali lakuti kodi otchipawa angakwanire paokha. Gulu lotsogoleredwa ndi Michael Levin wa ku Imperial College London linasonkhanitsa mbiri za ana 614 a m'mayiko 32, ndipo mu 2021 linalengeza kuti silinapeze kusiyana koonekeratu pa kachiridwe pakati pa amene analandira IVIG yokha, masiteroidi okha, kapena zonse ziwiri. Kafukufuku wina wa ku America wa chaka chomwecho anapeza kuti kuphatikiza ziwirizi kunkateteza mtima kuposa IVIG yokha. Onse awiri akusonyeza chinthu chimodzi chofunika kwa chipatala cha m'boma: masiteroidi ali ndi ntchito yeniyeni. Mu Novembala 2021 WHO inalangiza kuti ana ogonekedwa ndi MIS-C azipatsidwa masiteroidi pamodzi ndi chisamaliro china.

Apa pafunika chenjezo lomveka. Prednisolone amagulitsidwa m'malo ambiri popanda kalata ya dokotala, ndipo kholo lowerenga nkhani ino lisaganize kuti lapeza njira yachidule. Mankhwala oziziritsa chitetezo akapatsidwa kwa mwana amene ali ndi tayifodi yosachiritsidwa, TB, kapena matumbo obooka, amabisa ululu ndi kutentha thupi pamene nthenda ikudya m'kati. Ndi mankhwala a m'chipatala, operekedwa mwana atagonekedwa, ndi munthu amene wayamba waganizira nthenda zinazo ndipo akumuona tsiku lililonse. Chimodzimodzinso asipulini, amene madokotala amapereka pang'ono kwa ana a MIS-C poteteza mitsempha ya mtima, si woti mayi angogula pagolosale n'kumwetsa mwana wotentha thupi.

Wina angafunse kuti nkhani yonseyi ikubweranso bwanji lero, mliri utazilala. Funsoli lili ndi maziko. WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse lapansi. MIS-C yachepa kwambiri. Ku America, kumene ana oposa 9,000 analembedwa kuti anaidwala ndipo oposa 70 anamwalira, chaka cha 2023 chinaona ana 117 okha. Mtundu wa Omicron unkayambitsa nthendayi mocheperapo kusiyana ndi mitundu yoyamba, ana ambiri anali atakumana kale ndi kachirombo, ndipo katemera anathandiza: kafukufuku wa CDC wa mu Januwale 2022 anapeza kuti achinyamata a zaka 12 mpaka 18 amene analandira katemera wa Pfizer kawiri anatetezedwa ku MIS-C ndi 91 peresenti. M'dziko limene malungo, chibayo ndi kunyentchera zikuphabe ana tsiku lililonse, sikungakhale kwanzeru kuthira ndalama zambiri pa nthenda yosowa chonchi.

Koma kusowa kwa nthenda n'kumene kumaichititsa kuphonyedwa. Mu 2020 dokotala aliyense anali tcheru. Lero wophunzira udokotala kapena unamwino akhoza kumaliza sukulu osaonapo mwana wa MIS-C ngakhale mmodzi, pamene kachirombo kakuzungulirabe ndipo chaka chilichonse kukubadwa ana amene sanakumanepo nako. Chachiwiri, khalidwe la nthendayi si la Covid-19 yekha. Thupi la mwana limadziwika kalekale kuti limatha kudziukira lokha matenda ena atapita. Zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi mabakiteriya zikapanda kuchiritsidwa, patatha masabata angapo mwana amatha kutupa m'malo olumikizira mafupa, ndipo mtima umawonongeka pang'onopang'ono. Nthenda ya mtima yoyamba motere ikuvutitsabe ana ndi achinyamata ambiri ku Malawi. Palinso nthenda yotchedwa Henoch-Schönlein, imene kawirikawiri imatsatira chimfine: mwana amatuluka timadontho tofiirira m'miyendo ndi m'matako, m'mimba mumapota kwambiri, nthawi zina chimbudzi chimatuluka ndi magazi, ndipo impso zimatha kukhudzidwa. Kawasaki nayo ilipobe. Pa khungu lakuda zidzolo za nthenda zonsezi sizioneka msanga ngati pa zithunzi za m'mabuku ambiri a zachipatala, zimene zinajambulidwa pa ana oyera, ndipo n'chifukwa chake maso, milomo, lilime, zikhatho ndi mapazi ziyenera kuyang'anidwa mwadala, poyera.

Funso limodzi limatsegula khomo la nthenda zonsezi, ndipo silidya ndalama: "Mayi, mwezi wathawu mwanayu anadwalapo chiyani? Kunyumba kunali wa chimfine kapena chifuwa?" Mzere ukakhala wautali, funsoli ndi limene limayamba kutayidwa.

Malawi ali ndi poyambira pabwino. Njira ya ETAT yosankhira msanga ana odwalitsitsa pamzere, imene mayiko ambiri akugwiritsa ntchito lero, inakulira pa chipatala cha Gulupu m'nthawi ya Pulofesa Elizabeth Molyneux. Pa chipatala chomwecho, nyumba ya Mercy James, imene inatsegulidwa mu 2017, ili ndi madokotala a opaleshoni ya ana ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya pansi pa denga limodzi. Koma mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amayambira kutali ndi kumeneko, ndipo chimene chimamupulumutsa ndi kuzindikiridwa ndi kutumizidwa nthawi ikadalipo. Unduna wa Zaumoyo ungachite zinthu zosafuna ndalama zambiri. Choyezera BP chokwana mkono wa mwana chiyenera kupezeka pa chipatala chilichonse cha m'boma, chifukwa cha akuluakulu chimapereka manambala onama pa kamkono kakang'ono. Nthenda zotsatira matenda ena ziyenera kukhala m'maphunziro obwereza a anamwino ndi madokotala othandizira, pa tsamba lomwelo limene pali tayifodi ndi apendikisi. Ndipo lamulo losavuta liyenera kukhazikika: mwana amene wabweranso kachiwiri m'sabata imodzi, kutentha thupi ndi m'mimba zisanasinthe, asaonedwe ngati wobwereza wamba. Avulidwe malaya, ayezedwe thupi lonse, ndipo ngati chifukwa sichikuoneka atumizidwe pamwamba. Buku la kuchipatala limene mayi amanyamula limasonyeza kale tsiku limene anabwera koyamba. Chofunika n'kutsegula tsamba lam'mbuyo.

Makolo nawo ali ndi gawo lawo, ndipo si kuloweza dzina la nthenda. Kutsegula m'mimba kwa masiku onse kumafuna Thanzi ORS, zinki, kuyamwitsa ndi kudyetsa, ndipo ana ambiri amachira motero. Chosiyana ndi mwana amene thupi latentha masiku atatu osatsika, m'mimba mukupweteka moti sakulola kukhudzidwa kapena akuyenda chowerama, akusanza chilichonse, maso afiira, akugona kwambiri kapena akuyankha zosokonekera, akukodza pang'ono, akupuma mothamanga. Ameneyu apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale anali komweko dzana. Makolo ambiri amachita manyazi kubwerera, poopa kuoneka ngati akukayikira dokotala, ndiye amadikira kuti mankhwala athe kaye, kapena amapatukira kwa asing'anga poganiza kuti achipatala alephera. Kubwerera si mwano. Mawu oti "Adokotala, tinabwera Lolemba, koma mwanayu akungofookerafookera" ndi uthenga umene wachipatala wabwino aliyense amafuna kuumva, ndipo wachipatala amene amauza mayi pa ulendo woyamba zizindikiro zoti abwerere nazo amakhala wachotsa manyaziwo.

Ana amene athandizidwa nthawi yake amachira bwino, ndipo ambiri amachira msanga modabwitsa. Madokotala a Great Ormond Street anatsatira ana 46 kwa miyezi 6 atatuluka m'chipatala. Pogonekedwa, 45 mwa iwo anali ndi vuto la m'mimba. Miyezi 6 itatha, otsala nalo anali 6. Mitima ya pafupifupi onse inali itabwerera m'malo mwake. Chimene chinatsalira mwa ambiri chinali kutopa msanga poyenda ndi posewera, komanso nkhawa, mwa anawo ndi mwa makolo awo. Mwana wochira MIS-C amafunika kujambulidwanso mtima patapita masabata angapo, chifukwa mitsempha yodyetsa mtima imatha kufufuma, monga zinachitikira ana 8 pa 100 alionse m'kafukufuku wa ku America wa ana 186. Ngati mnofu wa mtima unatupa, madokotala amamuletsa mpira ndi masewera othamanga kwa miyezi ingapo, ndipo aphunzitsi ake ayenera kuuzidwa. Banja la kumudzi limene lauzidwa kuti libwererenso ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu kukajambulitsa mtima wa mwana wooneka kuti wachira limayamba lawerengera ndalama ya minibasi, choncho tsiku lobwerera liyenera kulembedwa m'buku, chifukwa chake chifotokozedwe momveka, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo adziwitsidwe kuti akawakumbutse.